Mesho wanga ndi ofesi imene kuno kulibe

Lamulungu usiku ndili pa mphasa kuwerenga timakobili ta pa shopu, foni kulira, voisi noti ya maminitsi 6 yochokera kwa msuweni wanga amene ali pa sukulu ku Texas. Mwana ameneyu akatumiza voisi yaitali chonchi ndimadziwiratu kuti kaya ufa wamuthera kaya wayambana ndi chibwenzi. Koma ulendo uno nkhani inali ina. Akuti wadutsa pa chitseko cha ofesi ina pa kampasi pawo imene ankakonda kukakhalamo chaka chake choyamba, wapeza muli mipando yothyoka yokhayokha, nde mtima wamuwawa. Ofesi ya diversity. Ine ndinayamba ndaseka kaye, ndinati asuweni inu mukulirira ofesi yomweramo khofi waulere, ife kuno tikugona pa mzere wa mafuta.

Kwa amene simukuidziwa, ofesi imeneyi m'mayunivesite ambiri a ku America ntchito yake inali yoyang'anira ana a sukulu amene ali ochepa pakati pa anzawo, akuda, obwera kuchokera maiko ena, amene ndi oyamba m'banja mwawo kuponda pa yunivesite, komanso a LGBTQ, kutanthauza amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo, ndi aja amene amadzimva mosiyana ndi mmene anabadwira. Ukanyozedwa, ukasowa pogona, ukasokonekera mutu, umapita kumeneko. Ku Texas anapanga lamulo loletsa maofesi amenewa m'mayunivesite a boma ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2024. Chaka cha 2023 mu June khoti lalikulu la dziko lawo linali litagamula kale pa mlandu wa Harvard ndi North Carolina kuti mtundu wa munthu usamaganiziridwe posankha ophunzira, kenako a Trump atabwereranso mu January 2025 anasaina zothetsa mapulogalamu oterewa m'boma. Nde anzathuwo anali nacho chinthu, awalanda, akulira. Ife sitinakhalepo nacho, sitidziwa olo kuti tilire chiyani.

Nditazimitsa foni tulo tinandithawa, ndipo sikuti ndimaganiza za Texas ayi.

Ine ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kupulinta kuno ku Mzuzu, makasitomala anga ambiri ndi ana a sukulu, a ku Mzuni, a ku tekinikolo, a za unamwino, ena a makoleji apulayiveti amene angoti mbwee mtauni muno. Munthu wa fotokope amaona zambiri kuposa mmene mumaganizira. Pali mtsikana wina wachialubino amene amabwera pafupifupi sabata iliyonse, notsi zake zonse timazikulitsa kuchoka pa A4 kupita pa A3, ndimangodina 141 pa makina osafunsanso, chifukwa maso ake saona bwino tizilembo ting'onoting'ono ndipo pa bolodi olo atakhala kutsogolo amangoona mbuu. Pepala la A3 ndi lodula, inki imapitanso yambiri, nde iye amalipira pafupifupi kawiri kuposa mnzake pa notsi zomwezomwezo, kuchokera pa loni yomweyomweyo, komanso agule mafuta odzola oteteza ku dzuwa akasowa ku chipatala, komanso kukada sangayende wapansi ngati anzake, akwere njinga mpaka pakhomo. Kuyambira 2014 pamene anthu achialubino anayamba kusakidwa ngati nyama m'dziko muno, mayi ake amamuimbira 6 koloko iliyonse madzulo kufunsa ngati walowa m'nyumba. Ndinayamba kumuchotsera mtengo, amalipira wa A4. Sindikudzitama, ndi timakwacha tochepa, koma ndikufuna muone kuti chithandizo chake chadalira mtima wa munthu wa fotokope, tsiku limene ndidzatseke shopu kapena ndidzadzuke nditakwiya ndi mtengo wa tona chithandizocho chathera pomwepo.

Palinso mnyamata wosaona, sinditchula koleji yake. Laputopu yake ili ndi pulogalamu imene imamuwerengera zolemba mokweza, imayankhula mothamanga moti ine sindimva olo liwu limodzi koma iye amangogwedeza mutu. Vuto ndi loti malekichala ena amajambula buku ndi foni nkutumiza pa gulupu ya kalasi ngati chithunzi, nde pulogalamu ija ikafika pa chithunzi imangoti zii. Amabwera pa shopu, ine ndi mwana wanga wantchito timazisandutsa zolemba za Word, penapake kutaipa ndi manja tsamba lonse. Mnyamata ameneyu anadutsa pulayimale ndi sekondale ndi zilembo za Braille, anapikisana ndi oona nkuwapambana, kufika pa koleji nkugwetsedwa ndi chithunzi cha pa WhatsApp. Lamulo la anthu aulumali tili nalo kuyambira 2012, analikonzanso mu 2024, koma lamulo silitaipa notsi.

Musandimve molakwa, nkhani yoti ndani alowe ku yunivesite ife Amalawi taikangana kwambiri, mwina kuposa a ku Texas. Quota. Kuno kumpoto liwu limeneli ukalitchula mu minibasi yopita ku Ekwendeni mufika musanamalize. Inayamba nthawi ya Kamuzu, khoti linaikana mu 1993, a Bingu anaibweretsanso cha m'ma 2009 ndi dzina lokometsera loti aliyense apeze mwayi wofanana, boma lililonse kupatsidwa malo 10 otsimikizika ndipo otsalawo kugawidwa motengera kuchuluka kwa anthu, mpaka inadzathetsedwa mu February 2020. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndinafika ku Mzuzu mu 2012 kudzayamba koleji ndi chikwama chimodzi ndi juzi yopyapyala osadziwa kuti kuno June amaluma mafupa. Sabata yoyamba mnyamata wina wa ku Rumphi anandifunsa mapointi anga, nditamuuza anangoti mbale wanga ali ndi ochepa kuposa amenewo koma ali kumudzi akulima fodya. Sananditukwane, anangonena, koma nsima ya tsiku limenelo sinatsike. Ndipo ndi kunonso kumene ndinaphunzira kuti mu 1968 Chitumbuka anachichotsa pa wailesi, kuti mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto anawathamangitsa m'zigawo zina kuti abwerere kwawo, zinthu zimene ku Ntcheu palibe anandiuzapo. Ine amene kwathu ndinali mwini dziko, kuno ndinali mlendo wosatha olo kuyankha monire. Koma anandilandira, anandiphunzitsa kuti yewo, lero ndakwatira konkuno.

Za atsikana nazonso zili pa pepala, lamulo la Gender Equality la 2013 limanena kuti m'sukulu za ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse, ndipo limakakamiza mabungwe kukhala ndi ndondomeko yothana ndi nkhanza zokhudza kugonana. Bungwe la maloni lilipo kuyambira 2015 la ana osauka. Zonsezi timazikamba poyera, pa wailesi, mu palamenti, timatukwanizana nazo pa Facebook. Gulu limodzi lokha ndi limene palibe amalitchula, ndipo likatchulidwa ndi pa maliro a mbiri ya munthu.

Chaka changa chachiwiri, 2013, ndinkachita lendi kachipinda kunja kwa sukulu, nyumba ya mdadada ya zitseko 6, bafa limodzi, mpopi panja. Mesho wanga anali mnyamata wa ku Zomba, wofatsa, wanzeru zoopsa, masamu amene ine ndinkangowayang'ana ngati Chitchaina iye ankandiphunzitsa usiku ndi kandulo magetsi akazima. Ankaphika bwino kuposa ine, nde tinagwirizana kuti iye aziphika ine ndizitsuka mapoto. Mwezi umene bambo anga anachedwa kutumiza ndalama tinadya zake masabata atatu osandiwerengera olo tsiku limodzi. Za atsikana sankakamba, ife tikamayamba zathu zija iye ankangoseka nkutsegula buku, ine ndinkangoti ndi wopemphera.

Tsiku lina mnyamata wa chitseko chachitatu anabwereka foni yake kuti alowe pa Facebook, nthawi imeneyo tinkabwerekana mafoni ngati mchere. Mesho anaiwala kutuluka mu akaunti yake. Mnyamata uja anawerenga mauthenga onse amene mesho ankalemberana ndi mwamuna wina wa ku Blantyre, ndipo sanangowerenga, anaitana anzake awiri kudzawerenga nawo. Pofika madzulo mdadada wonse ukudziwa, mmawa mwake kalasi yonse. Ine anandipeza pa mpopi ndikutsuka mapoto omwe aja, akuti aise ukugona ndi wa mathanyula chipinda chimodzi, kapena nawenso ndiwe mkazi wake? Kuseka gulu lonse. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinaseka nawo. Ndinati ine sindimadziwa man, ndikanadziwa bwenzi nditasamuka kalekale. Mawu amenewo anatuluka mkamwa mwanga momwemu, mapoto a nsima imene anaphika iyeyo ali m'manja.

Usiku wa Lachisanu anabwera atamwa, anthu ngati 7 kapena 8, ena osakhala pa mdadadapo nkomwe. Kumenya chitseko, tulutsani ameneyo timuone. Mesho anakhala tsonga pa matilesi ake atagwira mawondo, osalira, osayankhula, kungoyang'ana chitseko. Ine ndinafunda bulangete kumutu ngati ndagona. Munthu wamkulu wa zaka 21, phokoso ngati limenelo, ati ndagona. Loko anali wa pa msika, anagonja kachitatu, analowa nkumukokera panja, wina anatenga ndowa ya madzi pa mpopi nkukhuthulira pa matilesi ndi pa mabuku, June ameneyo, kamvula kowaza kakugwa.

Amene anatuluka ndi mayi eni nyumba. Mayi wachikulire, wamasiye, wa Umanyano weniweni woti sabata iliyonse yunifolomu yoyera ili pathupi, ankakhala nyumba yaikulu kutsogolo. Anabwera ndi tochi, chitenje chomangira pachifuwa, opanda nsapato, nkuima pakati pa anyamata aja ndi mesho amene anali pansi m'matope. Sanakuwe. Anawalitsa tochi kumaso kwa mmodzimmodzi nkumatchula dzina lake ndi kwawo, amene samamudziwa ankamufunsa kuti ndiwe mwana wa njani, kenako anati pa nyumba yane palije kutimbana. Wina anayesa kuwauza kuti amama simukudziwa zimene amachita ameneyu, iwo anangoti ine ndinamupatsa chipinda mwana wa munthu, ndidzamubweza kwa mayi ake wamoyo, amene akufuna kuweruza adikire tsiku lake. Anthu aja anabalalika mmodzimmodzi ngati agalu othiridwa madzi. Mesho anagona kunyumba yaikulu pa mpando usiku umenewo ndi masiku ena anayi.

Mmawa ndinayanika mabuku ake pa waya, tsamba ndi tsamba, ngati kuti zimenezo zingafafanize kanthu.

Funso limene landisowetsa tulo Lamulungu lija ndi ili, mnyamata ameneyu akanapita kuti? Wamenyedwa, katundu wake waonongedwa, amene achita akuwadziwa maina. Munthu wina aliyense akanapita ku polisi kapena kwa akuluakulu oona za ophunzira. Koma iye kukadandaula kunali ngati kukadzipereka yekha, chifukwa funso loyamba likanakhala loti anakumenyerani chiyani. Pa nkhani ya amuna ogonana okhaokha, gawo 153 la malamulo a milandu limapereka zaka mpaka 14 kundende, gawo 156 zaka 5, ndipo la akazi, 137A, anali atangoliwonjezera kumene cha m'ma 2010 ndi 2011. Tonse tinali tikukumbukira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga amene anamangidwa mu December 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre, nkupatsidwa zaka 14 mu May 2010, a Bingu nkuwakhululukira patangopita masiku ochepa, pamene a Ban Ki-moon, mkulu wa United Nations nthawi imeneyo, anabwera kuno. Zoona mu November 2012 a Ralph Kasambara ali nduna ya zachilungamo ananena kuti malamulowa ayamba aimitsidwa kaye, koma mawu a nduna ku Lilongwe ndi wapolisi wa pa kauntala usiku ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndipo akanapita kwa mlangizi wa pa sukulu, ndani akanamutsimikizira kuti nkhaniyo siifika kwa bambo ake kapena ku komiti ya chilango? Sanapite kulikonse. Mayeso a semesita imeneyo sanalembe. Anakwera basi ya usiku, mayi aja ndi amene anamuperekeza ku depoti, ine ndinali ku layibulale, dala.

Kuchokera nthawi imeneyo malamulo sanafewe. Mu 2015 a Samuel Tembenu ali nduna ya zachilungamo anabwerezanso zoimitsa kumanga anthu, koma mu 2016 ndi khoti lalikulu la konkuno ku Mzuzu limene linaimitsa ganizo limenelo abusa ena a mtauni muno atakadandaula. Mu July 2023 mipingo ndi Asilamu anayenda m'misewu kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko ku Blantyre linakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani loti malamulo oletsa kugonana amuna okhaokha athetsedwe, nkunena kuti amene akufuna malamulowa asinthe apite ku palamenti. Anzathu a ku Mozambique anachotsa malamulo oterewa mu 2015, Botswana khoti linawathetsa mu 2019, South Africa inalemba chitetezo chawo mu malamulo aakulu a 1996, pomwe Uganda mu 2023 inachita kuwonjezera moto. Ife tili pomwe tinali. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu ngati CEDEP ndi CHRR amayesetsa, koma mwana wa chaka choyamba wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje amene foni yake yagwidwa usiku sadziwa olo kuti aliko.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kutaipa mavesi mu komenti. Ine ndimapemphera, ndimaimba kwaya, Levitiko ndi Aroma ndinawerenga, ndipo sindinabwere pano kudzakuuzani kuti musinthe chikhulupiriro chanu, olo ine mwini mumtima mwanga nkhani imeneyi sinakhazikike bwinobwino. Mayi aja nawonso sindikhulupirira kuti ankagwirizana nazo, ndikuganiza kuti anamulalikira mesho masiku anayi onse aja mpaka makutu kuwawa. Koma anamulalikira atamupatsa tiyi ndi bulangete louma. Ndipo sindikunena kuti makoleji athu akhomere mbendera ya utawaleza pa geti, zimenezo kuno zingangoika anawo pa mbalambanda, aliyense wolowa chitseko chimenecho mawa lake ali pa sikirinishoti.

Chimene ndikunena ndi chaching'ono. Koleji iliyonse ili ndi mphamvu yolemba mu malamulo ake kuti wophunzira womenya mnzake, wothyola chitseko, wofalitsa mauthenga a mu foni ya mnzake alangidwa, osayamba afunsa kuti womenyedwayo ndi wotani. Kumenya munthu ndi mlandu kale, sipafunika palamenti pamenepo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limaletsa tsankho, gawo 25 limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, silinati kupatula uyu. Mlangizi wa pa sukulu akhale munthu wophunzira ntchitoyo amene zimene wamva zimathera mu chipindamo, osati lekichala amene mawa akuchonga pepala lako kapena mkulu wa mpingo amene amadziwana ndi amalume ako. Konkuno tili ndi St John of God imene imaphunzitsa anthu za uphungu ndi umoyo wa maganizo, anthu odziwa ntchito alipo, sitikuchita kuwaitanitsa ku London. Namwino wa pa kiliniki asaitane mnzake kuti tabwera udzaone. Pakhale chipinda chimodzi chokha chosungidwa choti mwana amene wathamangitsidwa usiku, kaya ndi mtsikana wothawa chibwenzi cholusa, kaya wachialubino amene akuona anthu achilendo akuzungulira nyumba, kaya wonga mesho wanga, akagonemo mpaka kuche. Ndipo ofesi yomweyo ndi imene ingauze lekichala kuti bwana tumizani Word osati chithunzi, ndi kulipira A3 ya mtsikana uja. Musaitche diversity ngati dzinalo likukuyabwani, itcheni ofesi ya mayi eni nyumba.

Chifukwa panopa zonse zikuyendera mwayi. Ukapeza landilodi wa mtima wapulumuka, ukapeza wina amene amaopa zonena za anthu katundu wako umupeza panja. Ukapeza mesho wolimba mtima akuimira, ukapeza wonga ine afunda bulangete. Anyamata aja onse anamaliza sukulu, mmodzi ndimamuona mtauni muno pa galimoto ya kuntchito, timapatsana moni bwinobwino, amabwera kudzapulinta ma invoice. Amene anali wanzeru kutiposa tonse ndi amene alibe pepala.

Ndinamusaka zaka zambiri, dzina anasintha pa Facebook. Chaka chatha ndinamupeza kudzera kwa mlongo wake, ali ku Johannesburg, amagwira ntchito mu sitolo ya zida za magalimoto, wanenepa, ali ndi ndevu. Ndinalemba uthenga wautali wopepesa, ndinafufuta, ndinalembanso, ndinafufuta, mapeto ake ndinangotumiza liwu limodzi, mesho. Anawerenga tsiku lomwelo, osayankha. Miyezi 8 zii.

Lamulungu lomwe lija, nditamaliza kumvera voisi ya msuweni, ndinatsegula Messenger kuti ndingoona, ndinapeza anayankha masabata awiri apitawo ine osaona. Sanatchule za usiku uja, sanafunse za ine, za mkazi wanga kapena ana. Anangolemba kuti, amama aja alipo? Ndikufuna ndiwatumizire kenakake.

Mayi aja anamwalira mu 2021, tinakawaika kumudzi kwawo ku Mzimba, ine ndinanyamula nawo bokosi. Lero ndi Lachitatu, uthenga uja sindinayankhebe.